Kodi makina a advanced oxidation angachotse mankhwala a thonje m'chitsime cha pasukulu?

Funso lachokera kwa aphunzitsi ena a sayansi pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Katete ku Zambia. Alemba motere:

"Pasukulu pathu tili ndi chitsime chokumba ndi manja chomwe anachiika pampu. Chili kumunsi pafupi ndi dambo, kumtunda kwake kuli minda ya thonje ndi chimanga. Mvula ikangoyamba madzi amamveka kafungo ka mankhwala opopera ndipo masiku ena amatuluka otuwa. Timathira klorini koma fungo silichoka. Kwabwera munthu wogulitsa makina, akuti ndi a advanced oxidation, muli getsi la UV ndi ozone, akuti amapha chilichonse ngakhale poizoni wa mankhwala a m'munda, ndipo makolo asonkha kale theka la ndalama kudzera ku PTA. Mnzanga wina akuti tisataye ndalama, tingothira hydrogen peroxide wa ku pharmacy ndi misomali ya dzimbiri mu diramu, akuti ndi zomwezo. Zoona zake ndi ziti? Ana athu akumwa madzi amenewa tsiku ndi tsiku."

Zikomo aphunzitsi polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba la PTA. Mtima ukhale pansi, vuto ngati lanuli ndakumana nalo m'malo ambiri kuno kum'mawa, ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi, konse komwe thonje limalimidwa, ndipo nthawi zambiri limatha popanda makina odula. Advanced oxidation si bodza ayi, ndi njira yeniyeni komanso yamphamvu zedi, ine ndagwira nayo ntchito mu labu kwa zaka zambiri ndipo ndimaikonda. Koma makinawo musagule panopa, ndipo za misomali mu diramuzo musayese n'komwe pa madzi oti amwe ana. Mupirire nane, nkhaniyi ndi yaitaliko.

Chimodzi chokha chisadikire kuti mumalize kuwerenga. Ngati madzi akununkha mankhwala lero, ana asamwe lero, katungeni kwina ngakhale kukhale kutali. Kuwiritsa kumapha majeremusi koma mankhwala ambiri a m'munda amatsalira momwemo m'poto. Ndipo mwana akayamba kutuluka malovu ambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, kamwana ka diso kuchepa kwambiri kapena kubanika, musataye nthawi ndi kumupatsa mkaka kapena kumusanzitsa monga amachitira ena, thamangirani naye ku chipatala ndipo munyamule botolo kapena pepala la mankhwala amene akupopera m'minda yapafupi kuti adokotala aone dzina lake. Mankhwala a gulu la organophosphate ndi amene amachita zimenezi ndipo sachedwa.

Tsopano nkhani ya sayansiyo, poti inu ndinu aphunzitsi tilowemo ndithu. Mankhwala ophera tizilombo, opha udzu, utoto wa nsalu, zotsalira za mankhwala a kuchipatala, zonsezi ndi mamolekyu omangidwa pa kaboni, ndipo ena mwa iwo anawapanga dala kuti asaonongeke msanga. Kuti muwaphwanye pamafunika chinthu chowalanda ma electron mwamphamvu. Klorini amachita zimenezo koma mphamvu yake ndi ma volt 1.36 basi, hydrogen peroxide 1.78, ozone 2.07. Pamwamba pa onsewa pali kanthu kena kotchedwa hydroxyl radical, oxygen mmodzi ndi hydrogen mmodzi komwe kakusowa electron, kamafika ma volt 2.8. Kameneka kakagunda molekyu ya mankhwala kamaing'amba, zidutswazo kamazing'ambanso, ndipo ntchito ikafika kumapeto pamatsala madzi, carbon dioxide ndi timchere pang'ono. Vuto lake n'lakuti simungakaike m'botolo n'kukagulitsa ku Kapata market ku Chipata, kamatha sekondi isanagawidwe n'komwe kukhala magawo 1,000. Ndiye kamafunika kupangidwira m'madzi momwemo, nthawi yomweyo, kambirimbiri. Njira zonse zokapangira m'madzi ndi zomwe zimatchedwa advanced oxidation, dzina lomwe katswiri wina, Glaze, ndi anzake analikhazikitsa mu 1987.

Yakale kwambiri pa njirazi ndi yomwe mnzanu uja anamva theka lake. Mu 1894 katswiri wa ku Britain, H.J.H. Fenton, anapeza kuti mchere wa ayironi ukasakanizidwa ndi hydrogen peroxide umaphwanya tartaric acid, ndipo mu 1934 akatswiri ena awiri, Haber ndi Weiss, anafotokoza kuti wogwira ntchitoyo ndi hydroxyl radical. Ndikuuzeni momwe zimaonekera pa tebulo la mu labu. Mumatenga madzi a utoto, tinene otsala ponyika nsalu, obiriwira bii. Mumadontheza asidi uku mukuyang'ana mita mpaka pH, muyeso wa asidi m'madzi, itsike kufika pa 3. Mumathira ferrous sulphate woyeza pa sikelo, timiyala tobiriwira motuwa, kenako peroxide dontho dontho uku mukutakasa. Galasi limayamba kufunda m'manja, tithovu tikukwera, ndipo utoto uja umazimirira mukuona, madzi n'kusanduka achikasu mofiirira. Mukatero simunamalize ayi. Madziwo ndi a asidi, muyenera kuthira laimu kuti pH ibwerere pa 7, pomwepo ayironi yense amatuluka n'kukhala matope ofiirira pansi pa galasi, matope oti muwasefe ndi kupeza kokawataya.

Ndiye yerekezani zimenezi ndi diramu la misomali. Dzimbiri si ferrous sulphate, ndi ayironi amene wapsa kale ndipo sasungunuka m'madzi a pachitsime omwe pH yake ili cha pa 7. Chomwe chidzachitike n'chakuti peroxide wambiri adzangosanduka madzi ndi mpweya pa dzimbiripo, wina adzatsala osagwira ntchito n'kulowa m'mimba mwa ana, mankhwala a thonje aja ali phee momwemo. Peroxide wa ku pharmacy ndi wa 3 kapena 6 peresenti, wotsukira zilonda. Wa m'mafakitale ndi wa 35 kapena 50 peresenti ndipo ameneyo amawaula khungu, akalowa m'diso munthu akhoza kusiya kuona, akatayikira pa nsanza kapena utuchi akhoza kubutsa moto. Chonde asapezeke pasukulu. Fenton ndi njira ya madzi oipa otayidwa m'mafakitale, palibe kampani yanzeru yomwe imaigwiritsa ntchito pa ndowa ya madzi akumwa.

Tibwere ku makina a wogulitsa uja. Getsi la UV palokha ntchito yake ndi kupha majeremusi, kuwala kwake kosaoneka ndi maso kumaononga DNA ya mabakiteriya ndipo mulingo wa kuwala wokwanira pa ntchito imeneyo ndi cha pa 40 mJ/cm². Kuti UV ikhale advanced oxidation pamafunika kuthira peroxide woyezedwa bwino m'madzi kenako kuwala kuja kumadula molekyu iliyonse ya peroxide pakati n'kutuluka ma hydroxyl radical awiri, ndipo mulingo wa kuwala umafunika upose 500, malo ena kufika 1,000. Mwaona kusiyana kwakeko, kuposa kakhumi. Tigetsi ta UV tomwe timagulitsidwa toika pansi pa sinki sitifikako. Komanso peroxide wambiri amene wathiridwa sagwira ntchito, amadutsa, ndiye pamafunika sefa ina kutsogolo yomuchotsa apo ayi amadya klorini yense amene mungathire pambuyo pake.

Ozone ndi mpweya wa ma atomu atatu a oxygen, mzinda wa Nice ku France unayamba kuyeretsera madzi akumwa ndi iye mu 1906 ndipo makampani a madzi a m'mabotolo amamugwiritsa ntchito kwambiri. Naye sasungika, m'madzi amatha pa mphindi zochepa, choncho amapangidwa pomwepo ndi magetsi amphamvu odutsa mu mpweya wouma. Mawu oti wouma amenewo muwagwire, chifukwa mpweya wa chinyezi wa mwezi wa Januwale ukalowa m'makina opanda choumitsira, ozone amachepa ndipo mumapangika nitric acid wodya makinawo m'kati. Ozone akaphatikizidwa ndi UV kapena peroxide ndi zoona amabereka ma hydroxyl radical, pamenepo wogulitsayo sananame. Koma funso ndi lakuti angati, pa malita angati, kwa mphindi zingati. Ozone wothawa m'madzi amapsereza mapapo, si wa m'kachipinda kotseka momwe ana akulowa. Ndipo ngati m'madzi muli mchere wa bromide, ozone amausandutsa bromate amene akuganiziridwa kuti amayambitsa khansa, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire ake pa ma microgram 10 pa lita (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a gramu). Nanga malaiti? Tonse tikukumbukira momwe anavutira mu 2024 madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba. Malaiti akazima makinawa amangokhala paipi wamba, madzi amadutsa momwe analowera.

Palinso njira ya titanium dioxide, ufa woyera womwe ukaombedwa ndi kuwala umapanga ma radical pamwamba pake, inatchuka pambuyo pa ntchito ya akatswiri Fujishima ndi Honda ku Japan mu 1972. Imakoma kuimva poti dzuwa tili nalo lambiri, koma ufawo umangogwira kuwala kwa UV, komwe ndi pafupifupi 5 peresenti ya kuwala kwa dzuwa, ndiye imachedwa.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse aphunzitsi. Hydroxyl radical sasankha. Ali ngati lupsa la mu Okutobala, inu mukufuna litenthe chitsa chimodzi chomwe chili pakati pa tchire koma ilo limanyeketsa udzu uliwonse lomwe lakumana nawo n'kuzima chitsa chili chiimire. M'madzi anu otuwawo mankhwala a thonje mwina ndi ma microgram ochepa pa lita, pomwe zovunda za masamba ndi dothi la ku dambo ndi zochuluka kuwirikiza ka 1,000. Ma radical onse amathera pa zimenezo. Bicarbonate naye, amene ali wambiri m'madzi a pansi omwe sopo sachita thovu, amawameza. Kuwala kwa UV nako sikudutsa madzi a matope. Ndinatsegulapo makina a UV pa malo ena ogona alendo, galasi lotchinga getsi lija linali litakutidwa ndi chikhungwa choyera mofiirira choti ndimachipala ndi chikhadabo n'kumagwa tizibenthu, getsi m'kati likuyaka bwinobwino, kalaiti kobiriwira kunja kakusonyeza kuti zonse zili bwino, koma kuwala kofika ku madzi kunalibe. Eni ake samadziwa kanthu. Zimandipweteka kwambiri zimenezi, chifukwa munthu amene akukhulupirira makina amasiya kusamala.

Choopsa china ndi ntchito yosiyira panjira. Molekyu ya mankhwala sichoka pa poizoni kudumphira ku madzi ndi carbon dioxide kamodzi, imadutsa masitepe, ndipo ena mwa masitepewo ndi oipa chimodzimodzi kapena kuposa. Atrazine, amene alimi ambiri amapopera kupha udzu m'chimanga, akakumana ndi ozone wosakwanira amasanduka desethylatrazine ndi desisopropylatrazine, n'chifukwa chake WHO poika malire a ma microgram 100 pa lita imawerengera pamodzi atrazine ndi zidutswa zakezo. Chlorpyrifos akapsa theka amasanduka chlorpyrifos oxon, yemwe amagwira mitsempha mwamphamvu kuposa iye mwini. Fungo likhoza kuchoka ndithu, poti nthawi zambiri chimene mphuno imamva ndi mafuta osungunulira mankhwalawo osati mankhwala enieniwo, inu n'kumati zatheka pomwe sizinatheke.

Ndipo mawu oti "amapha chilichonse" ndi abodza. Nitrate wochokera ku feteleza ndi zimbudzi sachoka. Fluoride sachoka. Mtovu ndi zitsulo zina sizingaphwanyike poti ndi ma element. Ngakhale ena omangidwa pa kaboni monga mankhwala a m'mafakitale otchedwa PFAS, hydroxyl radical amawalephera. Komanso UV ndi ozone sizisiya chitetezo m'madzi, mwana akapisa kapu yakuda m'ndowa majeremusi abwerera, choncho klorini simudzamusiya ngakhale mutakhala ndi makina abwino bwanji. Kolera ya 2023 mpaka 2024 inatiphunzitsa mokwanira.

Kumene njirazi zikugwira ntchito bwino muone malo omwe amaziika. Windhoek ku Namibia kuno pafupi yakhala ikuyeretsa madzi a m'masuweji kukhala akumwa kuyambira 1968, ndipo pa fakitale yatsopano ya Goreangab ya 2002 madzi amayamba achotsedwa matope ndi kusefedwa mu mchenga, kenako ozone, kenako activated carbon (makala ootchedwa mwapadera) yogwira zidutswa zotsala, kenako sefa ina ndi klorini. Ku Orange County ku California kuyambira 2008, UV ndi peroxide zimabwera kumapeto kwenikweni madzi atadutsa kale m'masefa a timabowo tating'ono kwambiri a microfiltration ndi reverse osmosis, kuti zimalize timankhwala tochepa ngati NDMA ndi 1,4-dioxane tomwe tinapulumuka. Switzerland inaika lamulo mu 2016 loti malo pafupifupi 100 oyeretsera madzi oipa aziwonjezera ozone kapena activated carbon kuti achotse 80 peresenti ya zotsalira za mankhwala. Konseko madzi amafika pa sitepe imeneyi ali oyera mbee, mdani akudziwika dzina, ndipo labu imayeza mosalekeza. Ngakhale madzi a mu tauni ya Chipata ochokera ku madamu a Lutembwe, amene amasamalidwa ndi Eastern Water and Sanitation Company, ali ndi anthu olembedwa ntchito yowayang'anira. Pasukulu panu adzayeza ndani?

Ndiye tibwerere ku chitsimecho, chifukwa ine kumeneko ndi komwe ndingayambire. Zomwe mwalemba zoti fungo limabwera mvula ikangoyamba zikundiuza kuti mwina madzi a pamwamba akulowa m'chitsime mwachindunji. Mawa m'mawa pitani mukachizungulire pang'onopang'ono. Yang'anani simenti yozungulira pampu ngati yang'ambika kapena yakumbika pansi, yang'anani ngati ngalande yotaya madzi ikuyenda kapena pali chithaphwi pomwepo, suzumirani ngati khoma la m'kati linamangidwa ndi simenti mamita oyamba kapena ndi njerwa zongosanja. Kenako funsani amayi otunga madzi, iwo amadziwa zonse, kuti opopera amatsukira kuti masipuleya awo. M'malo ambiri omwe ndafikako yankho limakhala lomwelo, pachitsime pomwepo. Munthu amafika ndi sipuleya kumsana, amasakaniza mankhwala pa simentipo, pobwera ku munda amatsukira pomwepo madzi oyera a mankhwala n'kulowa mu mng'alu, nthawi zina ndowa yomwe wasakanizira ndi yomwenso akutungira. Mankhwala otayika pamenepo ndi ochuluka kutalitali kuyerekeza ndi amene angatsike kuchokera m'munda kudutsa m'nthaka.

Izi ndi za amfumu, komiti ya madzi ya m'mudzi ya V-WASHE ndi a camp officer a zaulimi, muwaitane akhale pansi ndi makolo. Pakhale lamulo la m'mudzi kuti madzi osakanizira mankhwala azinyamulidwa kupita ku munda osati mankhwala kubwera ku madzi. Botolo likatha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo alowe mu sipuleya n'kupoperedwa m'munda, botololo libooledwe kuti wina asasungiremo mchere kapena thobwa. Kumtunda kwa chitsime mukumbe ngalande yopatutsa madzi a mvula, mudzale udzu wa vetiva, ndipo mamita 30 ozungulira pasakhale chimbudzi, khola kapena kupopera. Simenti yong'ambika imangidwenso, chitsime chikapidwe mpaka kuuma kangapo. Matumba ochepa a simenti akhoza kuchita zomwe makina aja sangachite.

Kenako kuyeza. Palibe munthu angakuuzeni choli m'madzi pongonunkhiza, ndipo fungo lina limachokera ku mafuta a pampu, ku mabakiteriya a ayironi kapena ku mpweya wonunkha mazira owola, zomwe njira zozithetsera ndi zina. Kutuwako mutha kuyamba nokha, thirani madzi m'galasi muwasiye usiku wonse, ngati ndi dothi mudzapeza lakhazikika pansi. Yambirani kwa a EHT, oyang'anira ukhondo a pa kiliniki yanu, iwo ndi amene ali ndi udindo wa madzi akumwa m'dera ndipo akhoza kuyeza majeremusi komanso kukulumikizani ndi ofesi ya zaumoyo ya boma ndi khonsolo. Kuyeza mankhwala a m'munda kumafuna makina a chromatography, ndiye ndi za ku Lusaka, yesani bungwe loona za miyezo la ZABS, National Food Laboratory (kale inkatchedwa Food and Drugs Control Laboratory) kapena yunivesite ya UNZA, ndipo muimbe foni kaye kufunsa ngati amayeza mankhwala amene mukuwakayikira. Labu siyeza "poizoni" chabe, imayeza dzina ndi dzina, choncho yendani m'minda mulembe maina ang'onoang'ono aja a pa lebulo, osati dzina lalikulu la malonda. Sampulo ikhale m'botolo la galasi lofiirira la lita imodzi lochokera ku labu komweko, la pulasitiki limamata mankhwala ena m'mbali zotsatira n'kunama. Mudzaze, muike mu cooler box ya ayezi, ikwere basi tsiku lomwelo. Mupemphe ayezenso pH, kutuwa, nitrate, ayironi ndi kulimba kwa madzi. Ngati pali amene akutaya mankhwala ochuluka dala mu mtsinje kapena dambo, imeneyo ndi nkhani ya ZEMA, bungwe la boma loteteza chilengedwe.

Zotsatira zikabwera ndi pomwe tingasankhe chida, chifukwa mankhwalawa sachita zofanana. Cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin, omwe amapoperedwa kwambiri mu thonje, sakonda madzi, amamatirira ku dothi, ndiye kudikha madzi ndi kuwasefa bwino kumachotsa gawo lalikulu. Glyphosate amaphwanyika bwino ndi klorini wamba. Wovuta ndi atrazine, amayenda ndi madzi pansi pa nthaka ndipo amakhalitsa, ndi chifukwa chake European Union inamuchotsa pa msika mu 2004. Koma ameneyo activated carbon imamugwira bwino kwambiri, pamodzi ndi mankhwala ena ambiri ndi fungo lomwe.

Activated carbon ndi yomwe ndingaike patsogolo pa sukulu ngati yanu. Si makala a pa mbaula ayi, ngakhale nawo amagwirako pang'ono, iyi imaotchedwa mwapadera mpaka kukhala ndi timabowo tochuluka moti gramu imodzi imakhala ndi malo okwana masikweya mita 500 mpaka 1,500. Sifuna malaiti, sipanga zidutswa zatsopano za poizoni, imangogwira. Koma imadzaza, ndipo ikadzaza siuza munthu, choncho tsiku losintha lilembedwe pa khoma ndipo ndalama yogulira ina ikhale mu bajeti ya PTA chaka chilichonse. Dongosolo lake ndi kudikha, mchenga, kaboni, kenako klorini kumapeto, mukayambitsa klorini kaboni imamudya. Ndipo musaiwale denga la sukulu. Nthawi yomwe chitsime chikuvuta ndi nthawi yomweyo yomwe mvula ikugwa pa malata anu, magatala ndi thanki zikhoza kumwetsa ana miyezi yonse yoopsayo, bola madzi oyamba otsuka denga azitayidwa ndipo klorini athiridwe. Ngati mayeso aonetsa kuti madzi a pansi pa dambo ponsepo aipa, ndalamazo zisungidwe zithandizire borehole yakuya kumtunda, yokumbidwa ndi kampani yokhala ndi laisensi ya bungwe loyang'anira madzi la WARMA komanso yotsekedwa ndi simenti kumwamba.

Sindikufuna muchoke ndi maganizo oti advanced oxidation ilibe malo kwathu kuno. Ili nawo. Madzi oipa a m'zipatala, a onyika nsalu, a m'madepoti otsukira zigubu za mankhwala, amenewo ndi ochepa koma oipa kwambiri, ndipo photo-Fenton, njira ya Fenton ija yothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa, yomwe akatswiri a Plataforma Solar de Almería ku Spain aiyesa kwa zaka zambiri pa madzi a mankhwala a m'munda, ndi yoti achinyamata athu a ku mayunivesite aigwire mwamphamvu. Inunso ana a kalabu ya sayansi ya JETS mutha kuwaonetsa, utoto wa zakudya, ferrous sulphate pang'ono, peroxide wa 3 peresenti, viniga wotsitsira pH, galasi lina padzuwa lina mumthunzi, aone lomwe liyere msanga. Avale magalasi oteteza maso, inu muli pomwepo, ndipo madziwo asalawe munthu.

Wogulitsa uja akabweranso musakangane naye, mwina nayenso anangouzidwa. Mufunseni pamaso pa makolo kuti getsi lake limapereka mJ/cm² zingati pa malita angati pa ola, makina amatulutsa magramu angati a ozone pa ola ndipo ali ndi choumitsira mpweya kapena ayi, madzi ayenera kukhala oyera bwanji asanalowe, malaiti akazima pali vavu yotseka madzi yokha kapena amangodutsa, getsi losinthira lomwe limafunika pafupifupi chaka chilichonse likupezeka ku Chipata kapena mpaka kuitanitsa kunja, ndipo adzabwera kudzakonza ndani. Koposa zonse avomere kuti madzi a chitsime chanu chomwecho ayezedwe ku labu yomwe mwasankha inu, asanalowe m'makina ndi atatuluka, pa mankhwala omwe apezeka aja, ndipo ndalama ilipiridwe zotsatira zitabwera. Akakana, ndalama za makolo zikhale ku akaunti.

Sampulo yoyamba mutenge tsiku lotsatira mvula yamphamvu pa nthawi yomwe anthu akupopera, yachiwiri mutakonza simenti ndi kuletsa kutsukira masipuleya pachitsime. Mapepala onse awiri mudzanditumizire pamodzi ndi maina a pa malebulo ndi kuya kwa chitsimecho, tidzawerengere limodzi kukula kwa sefa ya kaboni ngati idzafunikebe.